Kayambidwe ka Yoga Pamkeka: Malangizo kwa Otopa Msana ndi Maganizo

Munthu amene wakhala tsiku lonse akuunga mizere ya mbatatesi ku Bembeke, kapena amene wapalasa njinga ya kabaza pa boma la Dedza kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, akauzidwa kuti azichita masewera olimbitsa thupi amadabwa, ndipo kudabwa kwakeko n'komveka chifukwa thukuta amakhetsa kale tsiku ndi tsiku. Vuto ndi lakuti ntchito zathu zambiri zimapindira thupi mbali imodzi yokha. Mlimi amawerama kwa maola ambiri, wothirira kudimba amakokera mapewa pansi ndi makheni awiri odzaza madzi, mayi wosenza nkhuni kuchokera kuphiri amapanikiza khosi, pamene telala, kalaliki ndi woyendetsa minibasi amaswera pampando chiuno chili chopindika. Minofu ina imauma, ina imafooka chifukwa chosagwiritsidwa ntchito, ndipo mapeto ake ndi msana wowawa umene ambiri amangouzolowera n'kumamwa panado. Yoga, imene ndi masewera odziwongola thupi ndi kupuma mofatsa, imathandiza pamenepa, chifukwa imapititsa thupi mbali zimene ntchito ya tsiku ndi tsiku siilifikitsako, komanso imaphunzitsa munthu kupuma mwadongosolo kotero kuti mtima ndi maganizo zimakhazikika.

Yoga inayambira ku India zaka zoposa 2,000 zapitazo, ndipo inakula pamodzi ndi zipembedzo za kumeneko, makamaka Chihindu. Ndikunena zimenezi poyera chifukwa funso loyamba limene Mkhristu kapena Msilamu wa kuno amafunsa ndi lakuti kodi kuchita yoga si kupembedza milungu yachilendo, ndipo funsoli siliyenera kupeputsidwa. Alipo magulu amene amaphatikiza yoga ndi mapemphero a chipembedzo chawo, koma iliponso yoga imene imaphunzitsidwa m'zipatala ndi m'masukulu a mayiko ambiri, imene ili kudziwongola, kupuma ndi kukhala chete basi. Malangizo ali munowa ndi a mtundu wachiwiriwu. Mulibe mawu oti mutchule kapena chinthu choti muchigwadire, ndipo amene mtima wake ukukayikabe angachite bwino kukambirana kaye ndi mtsogoleri wa mpingo kapena wa mzikiti wake. Pamene bungwe la United Nations linasankha tsiku la 21 Juni kukhala lokumbukira yoga padziko lonse mu Disembala 2014, linatsindika za phindu lake pa umoyo wa anthu.

Mwa zonse zimene yoga imathandiza, zofufuzidwa kwambiri ndi za msana. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati mu 2020 anthu 619 miliyoni anali ndi ululu wa m'munsi mwa msana, ndipo mu 2017 bungwe la madokotala la American College of Physicians linalangiza kuti munthu amene msana wamuwawa kwa miyezi ayambe ndi njira zosalira mankhwala, yoga ili pakati pa njirazo. Musayembekezere zozizwitsa. Kusintha kumabwera patapita milungu ingapo, ndipo sikusiyana kwambiri ndi kumene munthu amapeza akamachita mafizo abwino. Chimene chimandikopa ine ndi chakuti yoga siifuna ndalama, magetsi kapena chipangizo chilichonse, kotero kuti munthu wa ku Mayani kapena ku Lobi akhoza kuichita mofanana ndi wa mumzinda.

Kukonzekera

Pezani malo osalala okwanira kuti mugone mutatambasula manja ndi miyendo, ndipo yalani mkeka kapena mphasa. Pasimenti onjezani bulangete lopinda kuti mawondo asapweteke, koma poimirira pondani pansi penipeni opanda nsapato kapena sokosi, chifukwa mkeka umaterereka. Matiresi ofewa si abwino chifukwa thupi limamira. Valani zovala zotakasuka, ndipo amayi amene sakhala omasuka m'buluku akhoza kuvala buluku m'kati mwa chitenje ndi kuchitira m'chipinda chotseka. Mukadya nsima dikirani maola awiri kapena atatu musanayambe, n'chifukwa chake ambiri amasankha m'mawa asanadye kapena madzulo chakudya chisanapse.

Nkhani ya kuzizira njofunika kwambiri kwa ife. Tawuni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pamene nyanja yamchere imalekezera, ndipo m'miyezi ya Juni ndi Julayi munthu amadzuka thupi lili gwaa. Minofu yozizira ili ngati luzi louma, limene limaduka mukalipinda musanalinyike m'madzi. Choncho musayambe ndi kudzikoka mwamphamvu mutangotuluka m'bulangete. Yendani kaye mofulumira pabwalo kwa mphindi zisanu, kapena sesani pakhomo, ndipo yambani mutavala juzi, muivule thupi likafunda.

Kupuma ndiye maziko

Oyamba kumene ambiri amathamangira kupinda thupi monga aonera pazithunzi, koma ine ndikulangiza kuti mlungu woyamba muutayire kwambiri pa kupuma. Gonani chagada, pindani mawondo, mapazi aponde pansi motalikirana pang'ono. Ikani dzanja limodzi pachifuwa, lina pamchombo. Kokani mpweya kudzera m'mphuno mukuwerenga mumtima mpaka zinayi, ndipo lolani mimba ikwere n'kukankha dzanja limene lili pamchombo, pamene dzanja la pachifuwa likungosuntha pang'ono. Kenaka tulutsani mpweyawo pang'onopang'ono, m'mphuno momwemo, mukuwerenga mpaka zisanu ndi chimodzi. Musaumirize mimba kutupa ndipo musagwire mpweya m'kati. Bwerezani kakhumi, mupumule, kenaka mubwerezenso kakhumi.

Chifukwa chake ndi ichi. Munthu wamkulu akangokhala amapuma ka 12 mpaka ka 20 pa mphindi imodzi, ndipo akakhala ndi nkhawa amapuma mofulumira ndi chifuwa chokha, mapewa ali m'mwamba. Kuwerenga zinayi pokoka ndi zisanu ndi chimodzi potulutsa kumatsitsa kupumako kufika pafupifupi ka 6 pa mphindi, ndipo kumagwiritsa ntchito mnofu waukulu wopingasa umene uli pansi pa mapapo. Pamene munthu akutulutsa mpweya, mtsempha wotchedwa vagus umachepetsa liwiro la kugunda kwa mtima, kotero kuti kutalikitsa kutulutsa mpweya kumauza thupi kuti palibe choopsa ndipo likhoza kumasuka. Ngati kuwerenga kumeneku kukukuchititsani befu kapena chizungulire, chepetsani kufika pa zitatu ndi zinayi, chifukwa chofunika ndi chakuti kutulutsa kutalike kuposa kukoka.

Kupuma kumeneku ndiko kudzakhale muyeso wanu pa zonse zotsatirazi. Nthawi iliyonse imene mwapinda thupi mpaka mpweya wayamba kudukaduka, kapena mwapezeka mutaluma mano, dziwani kuti mwapyola malire ndipo bwererani pang'ono. Kukokeka kwa mnofu kumene mungathe kupirira mukupuma bwinobwino n'kwabwino, koma ululu wobaya, wotentha, kapena dzanzi lotsikira m'mwendo ndi chizindikiro choti musiye pomwepo.

Zochita muli pansi

Muli chigonere chagada, kokerani bondo limodzi pachifuwa ndi manja onse awiri, pumani kasanu, kenaka sinthani mwendo, pomaliza mukokere mawondo onse awiri pamodzi. Mukatero bwezerani mapazi pansi, tambasulani manja m'mbali, ndipo gwetserani mawondo onse kumanja mwapang'onopang'ono mapewa asanyamuke, mupume kasanu musanawagwetsere kumanzere. Ziwirizi zimamasula m'chiuno ndipo ndi zofewa moti ngakhale agogo akhoza kuzichita.

Chachitatu ndi cholimbitsa, ndipo aphunzitsi amachitcha Setu Bandhasana. Mawondo ali chipindire, zidendene zili pafupi ndi matako, kanikizani mapazi pansi ndi kunyamula chiuno mpaka thupi liwongoke kuchokera m'mapewa kufika m'mawondo. Khalani pamenepo mukupuma katatu, tsikani pang'onopang'ono, ndipo bwerezani kasanu. Muyenera kumva ntchito m'matako ndi kumbuyo kwa ntchafu, osati m'munsi mwa msana. Minofu imeneyi ikakhala yamphamvu imalandira gawo lalikulu la katundu pamene mukunyamula thumba la feteleza kapena ndowa yamadzi, ndipo msana umapepukidwa.

Tembenukani tsopano mugwade, zikhatho zili pansi molunjika mapewa, mawondo molunjika chiuno. Pokoka mpweya tsitsani mimba ndi kukweza chifuwa, maso akuyang'ana patsogolo pang'ono. Potulutsa mpweya kwezani msana wonse m'mwamba, chibwano chiyandikire chifuwa. Yendani pakati pa ziwirizi kakhumi motsatira mpweya wanu, osathamanga. Mukamaliza bwezerani matako kuzidendene, mphumi igunde pamkeka kapena pa pilo, manja atambasukire kutsogolo, ndipo pumulani pamenepo. Kakhalidwe kameneka kamatchedwa Balasana, ndipo mukhoza kubwererako nthawi iliyonse imene mwatopa. Amene mawondo amawavuta aike bulangete lopinda pakati pa matako ndi zidendene, kapena angokasiya.

Chotsatirachi ndi chimene ndimachiona chofunika koposa kwa aliyense wogwira khasu, ndipo ndikupemphani kuti muchichite mosamala. Gonani chafufumimba, miyendo itatambasuka. Ikani zigongono pansi molunjika mapewa, mikono itagona kutsogolo, ndipo nyamulani chifuwa pang'onopang'ono, mchombo ndi chiuno zitsale pansi. Tsitsani mapewa atalikirane ndi makutu, khosi likhale lowongoka, musalipindire kumbuyo. Pumani kasanu kapena kakhumi, kenaka tsikani. Msana umene wakhala wowerama tsiku lonse umapindikira mbali inayo, ndipo minofu ya pachifuwa ndi pamimba imene inafupika imatambasuka. Masiku oyamba mukhoza kumva kuuma m'chiuno, zimene si zachilendo, koma ngati ululu ukuchoka pamsana n'kumatsikira m'mwendo, lekani. Patapita milungu iwiri kapena itatu mukhoza kuika zikhatho pansi pa mapewa ndi kukwera pang'ono kuposa apo, zigongono zili zopindikabe, kumene kumatchedwa Bhujangasana. Palibe mphotho ya kukwera kwambiri, ndipo ambiri amene amavulala pamenepa amavulala chifukwa chokankha ndi manja mopitirira muyeso.

A kabaza, oyendetsa njinga zamoto ndi onse okhalitsa pampando awonjezere ichi. Gwadani ndi bondo limodzi pabulangete, phazi linalo liponde kutsogolo, thupi likhale chilili. Finyani matako ndi kusunthira chiuno kutsogolo pang'ono mpaka mumve kukokeka kutsogolo kwa ntchafu ya mwendo umene wagwada. Pumani kasanu, kenaka musinthe. Mnofu umene ukukokekawo umachokera kumafupa a m'munsi mwa msana kukafika kumtunda kwa ntchafu, ndipo ukauma chifukwa chokhalitsa umakoka msanawo munthu akaimirira.

Zochita mutaimirira

Imani mapazi atatalikirana pang'ono, kulemera kwa thupi kugawike mofanana pa mapazi onse awiri. Wongolani msana, masulani mapewa, ndipo kwezani manja m'mwamba pokoka mpweya, muwatsitse potulutsa, kasanu. Kenaka pendeketsani mutu kuti khutu lakumanja liyandikire phewa lakumanja, mupume katatu, musinthe mbali. Amayi osenza katundu pamutu amapindula ndi zimenezi, koma khosi lisazunguzidwe mwamphamvu ndipo lisakokedwe ndi dzanja.

Pomaliza imani pafupi ndi khoma, nyamulani phazi limodzi ndi kuliika chammbali pa mwendo winawo, pamwamba pa kakolo kapena m'munsi mwa bondo, osati pabondo penipeni. Yang'anani chinthu chimodzi chosasuntha ndipo pumani kasanu, dzanja lili pakhoma ngati mukugwedera. Kuima ndi mwendo umodzi kumeneku, kumene kumatchedwa Vrikshasana, kumaoneka kwachibwana, koma kumalimbitsa akakolo ndi chiuno ndipo kumaphunzitsa thupi kudzigwira lisanagwe. WHO imalangiza anthu a zaka 65 kapena kuposerapo kuti azichita zolimbitsa thupi zothandiza kusagwa masiku atatu kapena kuposerapo pa mlungu, ndipo aliyense amene anatsikapo njira zoterera za m'mapiri athu nthawi ya dzinja akudziwa kuti munthu wachikulire akathyoka chiuno moyo wake umasinthiratu.

Kupumula komaliza ndi za maganizo

Musadumphe gawo ili ngakhale mutakhala pa changu. Gonani chagada, miyendo itatambasuka, manja ali m'mbali, ndipo fundani bulangete chifukwa thupi limazizira msanga likangokhala. Ngati msana ukukana, ikani pilo pansi pa mawondo. Tsinzinani, siyani kuwerenga, lolani mpweya uziyenda wokha. Yendetsani maganizo kuchokera kuzala za kumapazi, m'miyendo, m'mimba, m'mapewa mpaka kunkhope, ndipo paliponse pamene mwapeza polimba pamasuleni. Khalani choncho mphindi zitatu mpaka zisanu. Podzuka tembenukirani kaye chammbali ndi kudzikankha ndi manja, kuti musachite chizungulire.

Pa nthawi imeneyi maganizo adzabwera ndithu: mtengo wa feteleza, fizi ya ana, ngongole ya kubanki m'khonde, mbatatesi zimene mavenda akufuna kugula motchipa. Ambiri amaganiza kuti alephera chifukwa mutu sunakhale chete, koma si choncho. Ntchito yake ndi kuzindikira kuti maganizo achoka ndi kuwabweza pa mpweya mofatsa, ngakhale kakhumi pa mphindi imodzi. Kubweza kumeneku kukabwerezedwa masiku ambiri kumasanduka luso limene munthu amaligwiritsa ntchito kunja kwa mkeka, monga pamene mkwiyo wamukwera pokambirana ndi mnzake wa m'banja, kapena pamene wadzidzimuka pakati pa usiku tulo n'kuthawa. Mavutowo sachoka chifukwa choti munthu wapuma bwino, koma amawalingalira mtima uli m'malo, ndipo kawirikawiri amagona bwinoko. Amene tulo timawavuta achite kupuma kowerenga kuja ali pabedi, foni itazimitsidwa.

Pali malire amene ndiyenera kuwanena momveka. Ngati munthu wakhala wokhumudwa kwa milungu iwiri kapena kuposerapo, sakudya, sakufuna kuonana ndi anthu, wayamba kumwa mowa mopitirira, kapena akuganiza zodzipha, ameneyo akufunika thandizo la kuchipatala mwamsanga, ndipo achibale amuperekeze. Yoga ikhoza kuyenda limodzi ndi thandizo limenelo, koma siingalowe m'malo mwake.

Oyenera kusamala

Kafukufuku amene Unduna wa Zaumoyo unachita mothandizana ndi WHO mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 m'Malawi muno anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa. Choncho ngati simunayezetse BP posachedwapa, kayezetseni. Yoga yofatsa ndi kupuma pang'onopang'ono zikhoza kutsitsako BP pang'ono, koma musasiye mankhwala a BP, a shuga, a khunyu kapena ma ARV chifukwa choti mwayamba kumva bwino. Odwala BP komanso amene ali ndi matenda a maso otchedwa glaucoma apewe kuzondoka kulikonse kumene mutu umakhala pansi miyendo m'mwamba, ndiponso apewe kugwira mpweya. Kunena zoona, kuima ndi mutu kumene kumaoneka pa intaneti sindikulangiza munthu aliyense wophunzira yekha kunyumba, chifukwa khosi likavulala silichira msanga.

Amayi oyembekezera afunse kaye kusikelo. Asagone chafufumimba, asapotoze mimba, ndipo mimba ikakula asagone chagada nthawi yaitali, m'malo mwake apumule atagona chammbali. Amene anachitidwa opareshoni posachedwapa, kuphatikizapo ya pobereka, adikire mpaka achipatala atawaloleza.

Ululu wina wa msana si wotopa ndi ntchito. Pitani kuchipatala musanayambe chilichonse ngati msana unayamba kuwawa mutagwa kapena mutachita ngozi, ngati ululuwo ukubwera pamodzi ndi kutentha thupi, kutuluka thukuta usiku kapena kuwonda, chifukwa TB imagwiranso mafupa a msana, komanso ngati miyendo ikufooka. Dzanzi la pakati pa miyendo, kapena kulephera kugwira mkodzo ndi chimbudzi, ndi zofunika kuthamangira nazo kuchipatala tsiku lomwelo.

Kuti chikhale chizolowezi

Zonse zimene zafotokozedwazi zimatenga mphindi 15 mpaka 20. Mlungu woyamba chitani kupuma, kukokera mawondo pachifuwa ndi kupumula komaliza. Mlungu wachiwiri onjezani zogwada ndi zogona chafufumimba, ndipo wachitatu mubweretse zoimirira. Masiku anayi kapena asanu pa mlungu ndi okwanira, ndipo mphindi 10 kawirikawiri zimapindulitsa kuposa ola lathunthu kamodzi pa mwezi. Nthawi yolima ndi yopalira, pamene thupi latopa kwambiri, musasiyiretu. Chitani zogona pansi zokha mutasamba madzulo, chifukwa ndi nyengo imene msana umazifuna koposa.

Ogwira ntchito zokhala pansi adziwe kuti yoga yofatsa ngati imeneyi siikwaniritsa yokha mphindi 150 mpaka 300 pa mlungu zimene WHO imalangiza akuluakulu kuti azichita zinthu zofulumizitsako mtima. Iwowa awonjezere kuyenda ndawala kapena kupalasa njinga.

Mavidiyo a pa YouTube angathandize kuona kakhalidwe koyenera ka thupi, ndipo mayina aja ndawatchula kuti muwagwiritse ntchito pofufuza. Sankhani mavidiyo a oyamba kumene, muwasunge mufoni kuti bandulo isamathe tsiku lililonse, ndipo musapikisane ndi mphunzitsi amene wakhala akuchita zimenezi kwa zaka zambiri. Kuchita anthu awiri kapena atatu kumathandizanso, chifukwa mnzanu amaona pamene phewa lakwera kapena msana wapindika inu osadziwa. Pakatha milungu inayi yesani kuona ngati kuwerama pomanga nsapato, kudzuka pamkeka kapena kugona usiku kwasinthako. Ngati zikuyenda bwino, talikitsani kakhalidwe kalikonse kuchoka pa kupuma kasanu kufika pa kakhumi musanaganize zowonjezera zatsopano. Ngati ululu sunasinthe kapena wakula, pitani kuchipatala cha boma mukapemphe kuonana ndi a mafizo, ndipo mukawasonyeze zimene mwakhala mukuchita kuti akuuzeni zoyenera kusiya ndi zoyenera kupitiriza.